Duwa Lotchedwa Kazitape

Ntchito ya a Khutu inali kumvetsera madzi. Anthu akamva choncho ankaseka poganiza kuti mkuluyu akuwapusitsa, koma inali ntchito yeniyeni, ya ovolosi ndi nsapato zake. Kampani ya madzi inkawatuma kuyenda m'misewu ya m'tauni ndi ndodo yachitsulo yofika pachifuwa, yokhala ndi kachikho kamtengo kumutu kwake. Ankagunditsa nsonga ya ndodoyo pansi kapena pa valavu yotsekera madzi, n'kuika khutu pa kachikhoko, n'kutsinzina. Paipi yabwino imangong'ung'udza. Yobooka imalira mwina, ngati munthu akukoka mpweya pakati pa mano. Akamva zimenezo ankalemba mtanda ndi choko, anzawo n'kubwera ndi mapiki. Dzina lawo lenileni linatsalira m'mafayilo a ku ofesi, moti ngakhale mlongo wawo wa bere limodzi nthawi zina ankaphonya n'kuwaitana kuti a Khutu.

Ndodoyo inali ndi mnzake wothandizana naye, kaduwa kakutchire komwe kamamera pamene dothi siliuma. Tauni isanakule kanali mbwee m'madambo omwe pano anakwiriridwa ndi zinyalala ndi simenti. Tsinde lake lili ndi ngodya zinayi, ukalipota pakati pa zala limakana kugubuduka. Masamba amatuluka awiriawiri moyang'anizana, ndipo timaluwa take tofiirira timaunjikana kunsonga, kalikonse kali ndi mlomo wam'munsi wogwa ngati wa mwana wofuna kulira. Ukafikisa tsamba, fungo lake ndi la minti, lozizira m'mphuno, koma laukali, losakanikirana ndi la matope. Ukasadzule, ukatenthe, mizu imatsala ikuyenda pansi, chaka chamawa kabwereranso ndi abale ake. Dzina lake la m'mabuku panalibe wolidziwa pagulu lonse. Amene anakapatsa dzina ndi mlamu wa a Khutu, mwamuna wa mlongo wawo uja, yemwe anali wolumikiza mapaipi pagulu lomwelo. Anati ndi kazitape, chifukwa kamaulula pamene madzi abisala.

Mlamuyo ankatchedwa a Likhweru. Akakhala m'ngalande, mutu osaoneka, unkadziwa pamene ali pomva likhweru la kanyimbo kamodzimodzi komwe ankakayamba kakhumi pa ola osakamaliza. Anali munthu wabwino, tisawanamizire akufa, koma nthabwala zawo zinali ndi minga, ndipo chilamu chinkawapatsa ufulu wobaya a Khutu mmene afunira.

Tsiku lina a Khutu anaimitsa ntchito theka la tsiku chifukwa cha kazitape. Analumbira kuti pansipo pali madzi. Anthu anakumba mpaka thukuta kamukamu, n'kupeza dothi louma gwa. Chinyezicho chinali chapamwamba chabe, cha pamene mayi wina ankatayira madzi ochapira. Gulu lonse linafa nalo phwete. A Likhweru anathyola duwa n'kulisomeka kuseri kwa khutu la mlamu wawo, n'kuwamenyera saluti. Kuyambira pamenepo, moni wa m'mawa uliwonse unali umodzi: “Alamu, lero maluwa akuti chiyani?” A Khutu ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawotcha, chifukwa munthu wofatsa manyazi amamukhalitsa.

Patatha milungu itatu anawatuma kukaika paipi mumsewu wa kuseri kwa malo ogulitsira matayala. A Khutu anatsogola ndi ndodo monga mwa nthawi zonse, ndipo anamuona kazitape. Sanali chigulu chimodzi ngati wa pamadzi ochapira uja. Anali atandanda m'mphepete mwa mpanda, mapazi khumi kapena kuposa, akutsata kutsetsereka kwa malo. Mtima wawo unawauza kuti pansi pamenepo pakuyenda kamtsinje kakale, ndipo dothi lotere ukalikumba mozama siliima lokha. Anabwerera pagulu mawu ali pakamwa. A Likhweru anali chiweramire, akumanga chingwe cha nsapato.

“Alamu, lero maluwa akuti chiyani?”

Anzawo anayamba kale kumwetulira. A Khutu anaona mano awowo, mawu aja n'kubwerera kukhosi.

“Lero ali chete,” anatero.

A Likhweru anakhala kanthawi ali chiweramire. Kenako anayamba kanyimbo kawo kaja, n'kunyamula zida.

Khoma la ngalande linagumuka nthawi ili cha m'ma 11 koloko, dzuwa likuwala bwinobwino. Silinachite phokoso lalikulu. Likhweru linangoduka pakati. Anakumba ndi mafosholo, kenako ndi manja poopa kuwatema, ndipo pamene ankawafika zonse zinali zitatha. Ovolosi yamatope ija a Khutu ndi amene anainyamula m'jumbo kuchokera kuchipatala, n'kukaipereka m'manja mwa mlongo wawo. Akuluakulu atabwera kudzafunsa mafunso, aliyense anati panalibe chizindikiro chilichonse. A Khutu nawonso anatero.

Izi zinachitika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Msewu uja anauthira phula, koma chaka chilichonse kazitape ankatulukira mumng'alu wa m'mphepete, pamzere womwewo, ngati wina amachita kumudzala. A Khutu ankasinthana misewu ndi anzawo kuti asadutseko. Sizinathandize, chifukwa likhweru linasamukira m'ndodo. Osati tsiku lililonse ayi. Pankatha mwezi, mwina itatu, kenako masana ena, magalimoto akudutsa, ogulitsa malonda akukuwa, akaika khutu pa kachikho ankamva pansi pa kung'ung'udza kwa paipi kanyimbo kaja, kakuyamba, kakufika pakati, n'kuduka. Dokotala anawayeza n'kunena kuti ndi khutu lotopa. Iwo anavomera mwaulemu, n'kubwerera kuntchito.

A Likhweru anasiya mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe kunyumba ankamutcha Katsabola chifukwa cha kamtima kake. A Khutu analibe mwana wawowawo, ndiye anamulera ameneyu ndi manja awiri. Ankamukweza panjinga kupita kusukulu, ankamusongolera mapensulo, ankaima kunja kwa kalasi tsiku la mayeso ngati mlonda. Anthu ankayamika kuti amalume otere ndi osowa, ndipo mawu amenewo ankawalasa kuposa chitonzo. Lamulungu lililonse ankapita kwa mlongo wawo ndi sipanala m'thumba, kukakonza mpopi umene sunawonongeke. Mlongoyo ankawathirira tiyi patebulo la pakhonde la khitchini, pansi pa shelefu yomwe pankakhala chitini cha mabatani ndi singano, n'kumacheza za mvula ndi za nyamakazi. Powaperekeza pageti ankafunsa funso limodzi lomwelo.

“Pali china, achimwene?”

“Ayi, palibe, achemwali.”

“Chabwino. Muyende bwino.”

A Khutu ankaona ngati ndi kalankhulidwe chabe ka mlongo wawo, monga ena amati “basi” pomaliza nkhani.

Katsabola anakula, anapita kukoleji, n'kubwera ndi pepala la uinjiniya. Pa makampani onse a m'dziko, anasankha ya madzi yomweyo. A Khutu anayesa kumukaniza, koma kukaniza Katsabola kunali kutaya malovu. Tsopano kuntchito anali a Injiniya, wa chipewa choyera, ndipo amalume ake ankamupatsa ulemu wa “inu” pamaso pa anthu. Iye sankakonda kulamula ali pamwamba. Ngalande iliyonse ankatsikamo yekha kukayeza, ndipo nthawi iliyonse chipewa choyeracho chikamira pansi, a Khutu ankapeza chochita kumbali kuti asayang'ane.

Sabata imene tikunenayi paipi yaikulu yodyetsa dera lonse la kumtunda inaphulika pamalo osakonzeka. Kunalibe kuchitira mwina koma kuika ina, kudutsa mumsewu wina wopapatiza wa magalaja ndi mashopu a owotcherera zitsulo. Kumapeto kwa msewuwo kunali chipatala chaching'ono cha amayi oyembekezera, chomwe chinali chitatha masiku anayi chikutungira madzi m'zigubu. Oyeza dothi anabowola kumayambiriro ndi kumapeto kwa msewu, n'kulemba kuti ndi lolimba, liima lokha. Matabwa otchingira m'mbali mwa ngalande anali ku ntchito ina kutsidya kwa tauni, oti abwera Lachisanu. Mafoni a ku ofesi sankapuma.

Lachiwiri m'mawa a Khutu anayenda msewuwo ndi ndodo yawo. Pakatikati, m'munsi mwa mpanda wa malo otsukirapo magalimoto, fungo linawapeza maso asanaone. Kazitape anali atandanda mapazi makumi awiri, wonenepa, maluwa ali ngwee. Dzanja linathyola nthambi imodzi lokha, n'kuiponya m'thumba la pachifuwa. Anaganiza zokanena nthawi yomweyo, koma a Injiniya anali pafoni. Mumtima anati adikire nthawi ya tiyi, ndipo pa tiyi panali anthu ambiri. Masana chimakina chosalaza chinadutsa n'kupala m'mphepete monse, udzu ndi maluwa omwe, msewu n'kukhala mbee ngati mutu wometa. A Khutu anaweruka osanena kanthu. Munthu amene wakhala chete zaka zonsezo, pakamwa pamachita dzimbiri.

Lachitatu pofika 10 koloko chimakina chokumba chinali chitatsegula ngalande yozama kupitirira msinkhu wa munthu wamtali. Makoma ake ankaoneka osalala, ofiira, olimba ndithu. Amuna anayi anali okonzeka kutsika kukasalaza pansi, ndipo a Injiniya ankamanga lamba wa chipewa kuti atsogole. A Khutu anapita pakatikati paja, n'kugunditsa ndodo m'mphepete. Kumeneko kunalibe paipi iliyonse yoti ilire. Anaika khutu. Poyamba anamva mtima wawo womwe. Kenako, kutali pansi, likhweru linayamba.

Anafika pamakwerero akuthamanga, zimene mawondo awo anali atasiya kalekale.

“A Injiniya, pepani. Musatsike. Pakatipo pali madzi.”

Katsabola anatembenuka. “Madzi a chiyani, a Khutu? Pamapu palibe paipi.”

“Si a paipi. Ndi kamtsinje kakale, kokwiriridwa. Dzulo panali ichi.” Anatulutsa kanthambi kaja, katafota kale.

Kapitawo, munthu wa mimba yake ndi pakamwa pake, anasuzumira n'kuwomba m'manja. “Eee, abale, bwerani mudzaone! Madala abweretsera a Injiniya maluwa! Ndiye tiimbe nyimbo kapena?”

Anthu anaseka. Chinali chiseko chomwe chija, ngakhale ochisekawo ambiri anali akadali ana pamene chinkayamba.

Katsabola sanaseke. Anayang'ana duwalo kanthawi, nkhope yake n'kufewa pang'ono, kenako analoza mpanda. “Mukuona apo? Amatsuka magalimoto tsiku lonse. Madzi ake amatsikira m'munsi mwa mpandawo. Chinyezi ndi chimenecho.”

“Wa madzi otayidwa amamera chigulu pamodzi. Uyu anandanda mzere.”

“Ndikukumvani, koma sindingaimitse ntchito masiku awiri n'kukalemba mu lipoti kuti ndaona duwa. Uko kuli amayi akubereka popanda madzi. Oyeza anayeza.” Anatsitsa mawu kuti ena asamve. “Amalume, ndikudziwa kuti ngalande zimakuvutani. Kakhaleni m'galimoto, mupume. Nditsika mphindi khumi zokha.”

Anaponda pa makwerero, phazi limodzi, kenako lachiwiri.

A Khutu anadziwa kuti chatsala n'chimodzi chokha chimene chingamuimitse, ndipo anadziwanso mtengo wake. Mwana ameneyu ankawayang'ana ngati bambo. Akanena, maso amenewo sadzawaonanso. Anachita mantha kuposa tsiku limene ankakumba ndi manja.

“Katsabola, tuluka m'menemo.”

Dzina limenelo linali lisanamvekepo kuntchito. Chiseko chinazima.

“Ndinamuonapo kale atandanda chonchi. Tsiku la bambo ako. Ndinamuona m'mawa, ndisanabwerere pagulu, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Bambo ako anandifunsa kuti maluwa akuti chiyani, ine ndinati ali chete.” Sanaime pamenepo. “Ndinkaopa kusekedwa. Palibe chifukwa china, ndachifunafuna zaka zonsezi, palibe. Ndinaopa mano a anthu, bambo ako n'kutsika. Undide ngati ukufuna, uli ndi ufulu. Koma tuluka.”

Mumsewu munangotsala phokoso la wowotcherera zitsulo wa kutsidya. Kapitawo anavula chipewa, n'kusowa pochiika, n'kuchivalanso.

Katsabola anakwera pang'onopang'ono. Sanawayang'ane amalume ake. Anangotambasula dzanja n'kutenga ndodo ija, chinthu chimene munthu wina aliyense anali asanachigwirepo, n'kupita nayo pakatikati paja. Anaima patali ndi m'mphepete, anaizika mopendeketsa, n'kuitsamira. Inalimba chikhatho chimodzi, ziwiri, kenako inangolowa yokha mpaka pachikho, iye n'kutsala pang'ono kugwa nayo. Ataizula, theka lake linali matope akuda onunkha dambo, akudontha.

“A kapitawo,” anatero, mawu ali phwa, “munthu asatsike. Ikani zingwe mbali zonse, chimakina chichoke m'mphepetemo. Matabwa aja ndikuwafuna lero, ngakhale akawazule kumene aliko. Kuchipatala tumizani thanki ya madzi.”

Anthu anabalalika mofulumira, aliyense akuthokoza kuti wapeza kopita. Iye analowera kuseri kwa mulu wa mapaipi, kumene kunali kamthunzi, ndipo a Khutu anamutsatira chifukwa sakanachitira mwina. Anamupeza atakhala pa paipi, chipewa chili pamiyendo.

“Zaka zonsezi,” anatero osadzutsa mutu. “Njinga ija. Mapensulo aja. Munali kulipira mlandu?”

“Poyamba mwina. Kenako ayi. Sindikudziwa pamene zinasinthira.”

“Ndakwiya, amalume. Ndakwiya moti sindikudziwa kuti ndikuyang'aneni bwanji.”

“Ndi bwino choncho.”

“Si bwino ayi! Musandiuze kuti ndi bwino!” Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka matope patsaya. Kenako anatambasula dzanja. “Tandipatsani duwalo.”

Analifikisa pakati pa zala n'kununkhiza. Fungo lija linadzaza kamthunzi konse.

“Mukuganiza kuti sindikumudziwa kazitape? Ndikadwala chimfine bambo ankandibweretsera. Ankafikisa masamba n'kundigwiritsa pamphuno, akuti tsegula mapaipi. Sabata imene anamwalira ndinali ndi chimfine.” Anayang'ana kanthambi kaja m'dzanja lake. “Ovolosi ija munabweretsa m'jumbo, amayi asanaichape anapisa m'matumba. M'thumba la pachifuwa munali nthambi zitatu. Zaziwisi, mizu ili ndi matope. Bambo anathyola m'mawa womwewo, pamalo omwewo.”

A Khutu anasendera pafupi.

“Anaona?”

“Anaona. Iwo ndi amene anakapatsa dzina kaduwaka, akanalephera bwanji kudziwa? Ine ndinakula ndikudziwa kuti bambo anga anaona chizindikiro n'kutsikabe. Ndinkawakwiyira iwowo. Mwina n'chifukwa chake lero sindinafune kumva za duwa.”

Koma a Khutu sankamvanso. Anali atabwerera m'mawa uja. Anaona mlamu wawo ali chiweramire pa chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Ndiye kuti anali atadutsa kale pampanda paja, nthambi zili m'thumba. Masiku onse funso lija ankalifunsa ataimirira, chifuwa patsogolo, maso ali pa gulu kuti aone amene waseka. Tsiku limenelo analifunsa nkhope ili pansi, mawu otsika, ndipo likhweru linali lisanamveke chiyambire m'mawa. Munthu amene anaseka mnzake milungu itatu chifukwa cha duwa sakanatha kuimirira pagulu n'kunena kuti anzanga, ndaona duwa. Anali ndi njira imodzi yokha yopemphera, ndipo anaigwiritsa ntchito. Sinali nthabwala. Ankafunsadi.

A Khutu, amene ankamva dontho la madzi pansi pa phula ndi magalimoto, anali asanamve zimenezo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anakhala pansi pafumbi, n'kulira ngati mwana, pakamwa pali yasa, osasamala kuti owotcherera zitsulo akuona.

Katsabola anawasiya alire. Sanawagwire paphewa, komanso sanachoke. Atatopa, anawapatsa botolo lake la madzi.

“Nthambi zija zikadalipo,” anatero. “Zili mu envulopu, m'chitini cha mabatani.”

“Cha pashelefu?”

“Chomwecho. Mwakhala mukumwa tiyi pansi pake.”

A Khutu anapukuta kumaso ndi mkono wa ovolosi. Panali funso limene ankaopa kufunsa, koma tsikuli linali litawavula kale zonse.

“Amayi ako akudziwa za ine?”

“Sanandiuzepo. Ine ndamva lero, kwa inu.” Anatembenuza chipewa pamiyendo pake. “Koma amayi si mwana. Akudziwa kuti wotsogola ndi ndodo munali inu. Ngati wopanda ndodo anaona mpaka kuthyola, wotsogola akanalephera bwanji? Ndili wamng'ono ndinawafunsapo kuti bwanji mumawafunsa amalume funso lomwelomwelo pageti. Anati pali katundu wina amene sungamulande munthu, umangomutsegulira chitseko.”

Anaimirira, n'kuvala chipewa, n'kukhalanso a Injiniya.

“Ine ndili ndi ngalande yoti nditchinge. Za ine ndi inu tidzakamba, koma osati lero, mwinanso osati sabata ino. Inu mwaweruka. Ndodo isiyeni, ndikusungirani.”

Anawabwezera kanthambi kofikisika kaja, n'kupita.

Kwa mlongo wawo kunali ulendo wa ola limodzi wapansi, ndipo a Khutu sanakwere basi. Anayenda manja ali lende, opanda ndodo, ngati munthu amene waiwala chinthu. Njira yachidule inkadutsa kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Anafika pamphambano n'kuima, monga ankaimira nthawi zonse asanakhote kulambalala. Ulendo uno sanakhote. Msewuwo unali waung'ono kuposa mmene ankaukumbukirira. Mpanda uja anaugwetsa n'kumanga wa njerwa, koma mumng'alu wa m'mphepete mwa phula kazitape anali pomwepo, atandanda, njuchi zikulowa ndi kutuluka m'timilomo take. Anaima pamenepo n'kutchera khutu. Kunali wailesi ya m'shopu, kompresa ya matayala, mwana akulira penapake. Likhweru kunalibe, ndipo anadabwa kupeza kuti akulisowa.

“Alamu,” anatero motsitsa, “akuti pali madzi. Musatsike.”

Wokonza matayala wina anawayang'ana n'kugwedeza mutu, poganiza kuti mkuluyu wayamba kumwa masana.

Anapeza mlongo wawo akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, zopanira zili kukamwa. Atawaona pageti anaima, nsalu yonyowa ili m'manja. Linali Lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndipo mchimwene wawo anali atabwera wopanda sipanala, ovolosi ili fumbi lokhalokha, maso ali psuu. Anachotsa zopanira kukamwa chimodzichimodzi.

“Mwana ali bwino?”

“Ali bwino. Sanatsike.”

Mlongoyo anatsinzina pang'ono. Kenako anabwera pageti, akupukuta manja pa chitenje, ndipo atayandikira mphuno yawo inagwira fungo lija. Anayang'ana dzanja la a Khutu, limene linali litafumbata kanthambi, n'kuyang'ananso nkhope yawo. Tsitsi la onse awiri linali litachita imvi pa geti limeneli.

“Pali china, achimwene?”

“Chilipo, achemwali.”

Mlongoyo anakoka kachitsulo ka geti, kamene kankalimba masiku onse, n'kulitsegula lonse.

“Lowani,” anatero. “Nditsitse chitini.”